Oyilo pa Mabuleki a Njinga Yatsopano

Anyamata a kabaza pa Namitete sakhala chete. Akasowa okwera amayamba kukangana za mabuleki. Ena amati a labala, aja ogwira pa limu, ndiwo enieni, poti akatha umangodula chidutswa cha tayala lakale n'kuikapo wekha. Ena amati ayi, abwino ndi a disiki, aja a kambale kachitsulo pakati pa wilo, poti sasamala mvula kapena matope. Ine ndikamadikira minibasi ndimangowamvetsera, pakamwa pakundiyabwa. Sindinapalasepo njinga chibadwire, malo anga anali pakaliyala, koma nkhani ya mabuleki imeneyi ndiyo inandichotsera mwamuna m'nyumba.

Bambo a ana anga anali mkamwini pamudzi pathu, kuno pakati pa Namitete ndi Nsaru. Kwawo kunali ku Nambuma. Anabwera ali mnyamata wowonda, anamanga nyumba, anabzala mango kuseli, analera ana, mpaka imvi zinawamerera pompano. Koma mkamwini ndi mkamwini basi. Kwathu kuno mwamuna akagwidwa ndi matenda aakulu, abale ake amabwera kudzamutenga kuti akadwalire kwawo, ndipo zikavuta amakagona m'manda a kwawo. Ena masiku ano amazinyalanyaza zimenezi. Alamu anga, mlongo wawo wa bambowa, sanali m'gulu la onyalanyazawo.

Mayi amenewo, Mulungu andikhululukire, lilime linali lalitali kuposa msinkhu. Akabwera kudzationa ankayamba awayang'ana achimwene awo kuchokera kumutu mpaka kumapazi ngati akugula mbuzi. "Mwawonda achimwene. Kodi kuno amakudyetsani?" Ine ndili pomwepo, nditawaphera nkhuku! Potsanzika sankaiwala kusiya mawu awo aja: "Alamu, tsiku lomwe adzalephere kudzuka okha mudzatiuze msanga. Chibale ndi fupa, sichiwola." Ndinkaseka nawo mwaulemu, koma mumtima ndinkachita mantha. Ndinkadziwa kuti sakuseka, ndipo ndinkadziwanso chomwe chidzawagwetse bambowo. Chinali njinga.

Njinga yawo inali yakuda, yolemera, ya mabuleki a timawaya tolimba tokoka labala kuti agwire limu. Anaigula chaka chomwe fodya wathu anayenda bwino, titangoyamba kumene kuvotera zipani zambiri. Iwo anali mkulu wa mpingo, ndiye njingayo inkadziwa khomo la wodwala aliyense m'midzi yonse yozungulira. Mwezi uliwonse inkanditenganso ine kupita kuchipatala cha mishoni ku Namitete kukalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

M'chilimwe mabulekiwo ankagwira ndithu, ngakhale limu lakumbuyo linali litapindika moti akamanga mabuleki njinga inkachita kudodoma, kugwira, kutaya, kugwira, kutaya. Koma dzinja likafika, limu likanyowa n'kumatirira katondo, ankakoka mpaka zala kuwawa, njinga ikungopita. Bambowo anali ndi nzeru yawo. Pamtsetse ankatukula mwendo wakumanja n'kuponda tayala lakutsogolo ndi nsapato, njinga n'kumachepetsa liwiro. Nsapato zawo zakumanja zinkatha kunsi zakumanzere zikadali zatsopano.

Ndinkawalalatira. "Bambo, mwendo umenewo si wa mnyamata. Mudzatipha tsiku lina!"

Iwo ankangoti, "Mayi, mabuleki a labala sanama. Akamatha umawaona ndi maso."

Dzinja lina anagwadi. Sikunali kugwa kwenikweni, anangoterereka pamtsetse wa kudambo akuchokera kokapemphera ndi wodwala, n'kusupuka bondo ndi chigongono. Koma nkhani ili ndi miyendo. Bala lisanaume alamu anga anali atafika kale kudzaona bondo, ndipo analiyang'ana ngati ndalisupula ndine. Atangochoka ndinaimbira foni mwana wathu wamwamuna amene amagwira ntchito m'tauni ku Lilongwe. Ndinamuuza kuti ngati akufuna bambo ake akalambire pakhomo pano, achitepo kanthu pa njinga imeneyi.

Mwanayo sanachedwe. Anabwera nayo pa matola, njinga ya kaunjika koma yooneka bwino, yobiriwira, ya magiya, matayala onenepa a manomano, ndi timbale tachitsulo tonyezimira pakati pa mawilo onse awiri. Anatilongosolera bwinobwino. Anati mabuleki a labala amagwira m'mphepete mwa wilo, momwe mumayamba kulowa m'madzi ndi m'matope, pomwe awa amafinya kambale kamene kali pamwamba, pouma. "Ababa, iyi ngakhale kugwe mvula ya matalala, mukangokhudza yaima." Anapita nayo kwa owotcherera kuti aikepo kaliyala yanga, ndipo yakale ija anaipereka kwa msuweni wake wa kutali kuti bambo ake asaibwererenso. M'mawa mwake anabwerera kuntchito.

Ulendo woyamba sindidzauiwala. Bambowo anapalasa mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kukoka mabuleki onse awiri ndi mphamvu zonse monga manja anazolowera. Njinga inaima nji! Iwo anapitirira okha n'kukagwera m'mizere ya mtedza. Sanavulale. Ndinaseka mpaka misozi, nditagwira nthiti, ndipo iwo anadzuka akusasa dothi kumutu.

"Iyi si njinga Mayi, ndi bulu wamakani."

"Bulu ndi uti pamenepa, wakugwetsayo kapena wagwayo?"

Pang'onopang'ono anaphunzira kukoka ndi zala ziwiri, mofatsa. Ndipo ndinene zoona, mwana wathu sananame. Dzinja lomwelo tinatsika mtsetse wa kudambo uja mvula ikugwa, matope ali tapatapa, njinga inatsika mwaulemu popanda wotukula mwendo. Ndinawagogoda pamsana.

"Mwaona eti, Bambo?"

"Ndaona. Koma sindiikhulupirira, poti sindiona pomwe ikugwira."

Ine ndinaikhulupirira ndi mtima wonse. Ndinayamba kugona tulo. Alamu anga atabweranso ndinawaonetsa timbale tija ngati kuti ndapanga ndine, ndipo ndinawaperekeza ndikuyenda monyada. Ha, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mvula itatha, fumbi litayamba, timbale tija tinayamba kulira. Kulira kwake kosati pang'ono, ngati nkhumba ikuphedwa. Akangokhudza mabuleki agalu a mudzi wonse ankadzuka. Kwa munthu wina sikanakhala kanthu, koma bambo a ana anga anali munthu wofika pakhomo la wodwala mwakachetechete, wotsamiritsa njinga pamtengo osagwedeza tsamba. Tsiku lina anafika pamaliro anthu ali pakati pa pemphero, njinga inakuwa, mitu yonse inatembenuka mpaka wopempherayo anaiwala pomwe analekezera. Anabwera kunyumba nkhope itagwa, ndipo anakana kudya.

Pakhomo pathu chilichonse cholira chinkapatsidwa oyilo. Chitseko chikalira, oyilo. Wilibala, makina anga osokera, ngolo ya oyandikana nafe, zonse mankhwala ake anali amodzi. Bambowo ankasunga kabotolo ka oyilo wakuda wopempha kuchigayo, ndi nthenga ya nkhuku yopakira. Loweruka lililonse njinga inkagonekedwa chagada pabwalo, iwo atakhala pakampando, akupaka tcheni ndi paliponse pozungulira. Ndi mmene anasungira njinga yakale ija zaka zonsezo, ndipo anthu ankawatama kuti ndi munthu wodziwa kusamala chitsulo. Ndiye Loweruka limenelo atamaliza tcheni anaviikanso nthenga ija n'kupaka timbale tonse tiwiri, mbali zonse, mosamala. Ine ndinali pomwepo ndikuswa mtedza. Sindinaone cholakwika. Akanaona ndani pamudzi pano?

Kulira kunatheratu. Anazungulira pabwalo, anakoka mabuleki, njinga inaima pang'onopang'ono ngati yakale ija. Anatsika akumwetulira.

"Mayi, yaphunzira ulemu tsopano."

Koma pabwalo pathu ndi pathyathyathya, ndipo panjingapo anali okha.

Tsiku langa la kuchipatala litafika anapakanso m'mawa, ati isakatichititse manyazi pageti pamaso pa odwala. Ndinamanga mpango, ndinakwera pakaliyala, tinanyamuka dzuwa likutuluka. Tinkakamba za mtedza, kuti tigulitse tsopano kapena tidikire. Titafika pamutu pa mtsetse wa kudambo, womwe umathera pa kamlatho ka simenti, ndinamva msana wawo ukuuma. Anakoka mabuleki, njinga sinamve. Anakokanso, koma inali ikuwonjezera liwiro, mphepo ikulira m'makutu.

"Bambo, bwanji kodi?"

Anakokanso kachitatu. Kenako anakuwa ndi mawu omwe sindinawamvepo nawo chikwatirane. "Mayi, dumphani! Dumphirani kuudzu!"

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinadumpha ndekha kapena anachita kundikankha ndi chigongono. Ndinagwera m'tsekera, ndinagubuduzika, mpango uko, chikwama uko. Nditadzutsa mutu ndinawaona akutukula mwendo wakumanja kukaponda tayala lakutsogolo, monga ankachitira kale. Koma tayala la njinga yakale linali losalala, nsapato inkangokhula pamwamba pake. Ili linali la mano. Linagwira nsapato n'kuikokera pakati pa zitsulo zogwira wilo, wilo linaima pomwepo, njinga inatembenuzika. Anakagwera pa simenti ya m'mphepete mwa mlatho.

Mayo ine, ndinatsika mtsetsewo chokwawa. Ndinawapeza ali maso, akupuma mwabefu. Mawu awo oyamba anali akuti, "Mwavulala?" Ine ndinali nditangosupuka manja basi. Iwo mwendo unali utagona mopotoka, ndipo nditaukhudza anatseka maso n'kuluma mlomo. Ngolo yonyamula chimanga ndiyo inatitola n'kukatisiya kuchipatala.

Kumeneko anati fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Anakhalako nthawi yaitali mwendo atauzendeweretsa chitsulo cholemera, ine ndikugona pansi pa bedi lawo. Madokotala anayesetsa, sindingawanamizire, koma fupa la munthu wokalamba lili ndi makani ake. Tinabwerera kumudzi iwo osatha kuima.

Mwana wathu ndiye anatibweretsa. Atawagoneka bambo ake m'nyumba anapita kukaona njinga, yomwe anthu anaitola n'kuitsamiritsa kukhonde. Anapititsa chala pa kambale kaja, chala chinada bii. Anakhala pansi pomwepo, padothi, ndi thalauza lake la kuntchito.

"Amayi, anathira oyilo apa?"

"Inkalira, mwanawe."

"Izi sizifuna oyilo ngakhale dontho. Tizidutswa tofinya kambaleka timamwa oyiloyo, ndiye sitigwiranso. Ine sindinawauze, Amayi. Sindinaganize n'komwe."

Anayamba kulira ngati kamwana, bambo wa ana ake. Ndinamukalipira motsitsa mawu kuti atonthole, bambo ake angamve. Koma nyumba yathu ilibe siling'i, anamva zonse. M'katimo munatuluka mawu ofatsa: "Musiyeni mwanayo. Ndinapaka ndine, ndi dzanja langali."

Ndinawasamala ndekha. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwakokera padzuwa, kuwabwezera m'nyumba. Ana athu aakazi ali kumabanja awo kutali. Amayi a mpingo ankabwera ndi madzi ndi nkhuni, Mulungu awadalitse, koma kusambitsa mwamuna wa mnzako si ntchito ya mlendo. Alamu anga akaimba foni ndinkayankha kuti akupezako bwino, ayamba kukhala tsonga. Ndinali nditatsimikiza kuti bola msana wanga uthyoke kusiyana ndi kuwaona akukwezedwa galimoto ya ku Nambuma.

Tsiku lina masana ndikuwadzutsa kuti ndiwatulutse panja, mutu unandizungulira, maso anachita mdima. Tinagwa tonse awiri pakhomo penipeni, iwo pamwamba panga. Sindinathe kuwachotsa, iwonso sanathe kudzichotsa. Tinagona pamenepo nkhuku zikutidumpha, mpaka mayi woyandikana nafe anatipeza pobwera kumadzi. Sanachite zoipa kufotokozera anthu, anachita mantha. Koma nkhani inakafika ku Nambuma.

Anabwera Lachisanu lina dzuwa lili pamutu: alamu anga, ankhoswe a kuchimuna, ndi achimwene anga omwe ndi ankhoswe a mbali yathu. Anabwera pa kagalimoto kobwereka, kumbuyo atayala matiresi. Nditangoona matiresiwo ndinadziwa kuti sanabwere kudzakambirana. Sindinadikire n'komwe kuti malonje athe.

"Zaka zonsezi munali kuti? Pamene ankasoka fodya mpaka maso kufiira munali kuti? Pamene tinkaika mwana wathu woyamba munabwera ndi chiyani? Lero athyoka ndiye akhala anu? Asa! Galimoto yanuyo ibwerere momwe yabwerera!"

Ndinkayembekeza lilime lija, ndipo ndinali nditalikonzekera. Koma alamu anga anayankha motsitsa, maso ali pansi. "Alamu, sitikulandani. Kwathu kuli ana anga aamuna, manja alipo. Inu mukudwala. Mukagwa nawonso, tidzaika maliro awiri." Zimenezo zinandipweteka kuposa chipongwe. Ndinayang'ana achimwene anga kuti andithandize, iwo anali akujambula pansi ndi kamtengo.

Ankhoswe a kuchimuna anati timve mwini wake. Ndinavomera msanga, chifukwa ndinkadziwa kuti akana. Munthu amene anamanga nyumbayi njerwa ndi njerwa angavomere bwanji kuituluka atanyamulidwa? Tinalowa tonse m'chipinda. Anamvetsera mbali zonse monga ankachitira pa milandu ya kumpingo, kenako anati, "Mayi, senderani kuno."

Ndinagwada pambali pa bedi.

"Tsiku lija tinagwa pakhomo, khutu langa linali pachifuwa panu. Ndinamva mmene mtima wanu unkathamangira. Ndinakutsitsani panjinga kuti mukhale ndi moyo, ndiye lero ndikupheni ndi kundinyamula? Ndiloleni ndipite."

Ndinawatukwana. Inde, mkulu wa mpingo, pamaso pa ankhoswe. Ndinawauza kuti ndi amantha, kuti akuthawa, kuti mtima ndi wanga ndipo ndingaugwiritse ntchito momwe ndafunira. Anangondigwira dzanja mpaka mawu anandithera. Kenako ndinadzuka n'kuyamba kupinda zovala zawo ndekha, poti sindinafune kuti wina azigwire. Ndinaika jekete la kutchalitchi pamwamba, ngati kuti kuli komwe adzalivalire.

Ndinakwera nawo galimoto ija, sanandiletse. Ku Nambuma anatilandira bwino, sindinama. Bambowo anawapatsa chipinda m'nyumba ya mwana wamkulu wa alamu anga, anyamata ankawanyamula ngati kamtolo ka udzu, ankawasambitsa, ankawameta ndevu. Ine anandiyalira kunyumba ya alamu, pamodzi ndi atsikana. M'mawa ndinkaima pakhomo la eni ake n'kunena kuti odi, kudikira andiyankhe, kuti ndikaone mwamuna wanga. Ndikafuna kuwaphikira phala momwe ankalikondera, ndinkachita kupempha poto. Aliyense ankandilemekeza, ankanditchula kuti alendo athu, ndipo mawu amenewo ankandilasa tsiku lililonse.

Mitambo itayamba kusonkhana, bambowo anayamba kuvutika mtima. Ankafunsa ngati kumunda kwathu mizere yatha, ngati mbewu yagulidwa. Ndinawauza kuti chaka chino munda ugone. Anakwiya, koyamba chichokereni kwathu.

"Munda ugone, inu mudzadya chiyani? Mudzapempha kwa ana? Pitani mukabzale, Mayi. Mvula sidikira odwala. Mukamaliza mubwere, mundipeza."

Ndinakana, iwo anaumirira, mpaka anasiya kundiyankhula tsiku lathunthu. Ndinagonja. Potsanzika ndinawakonzera pilo, ndinawauza kuti asamavute anyamata, iwo anandiuza kuti ndisaiwale kumwa mankhwala. Tinasiyana choncho, ngati anthu oti aonana mawa.

Mvula yoyamba inagwa yokwanira. Ndinabzala munda wonse wa kumtunda, ndikuthamanga kuti ndibwerere msanga. Ndinali pamizere yomaliza, kambale ka mbewu m'manja, pomwe ndinaona achimwene anga akubwera m'mphepete mwa munda, chipewa atachigwira m'manja. Ndinadziwiratu kuti bambo a ana anga atisiya. Ndinakhala pansi m'matope momwemo.

Achimwenewo anati chifuwa chinawagwira bambowo mwadzidzidzi, monga chimachitira anthu ogona nthawi yaitali. Ndinafika ku Nambuma nyimbo zitayamba kale, amayi osawadziwa atazungulira mwamuna wanga. Anawaika pakati pa amalume awo ndi anthu ena omwe sindinamvepo mayina awo. Ndinalira mpaka mawu anauma, ndipo sindinasamale kuti akundiona ndani. Zinandiwawa kuti sindinalipo. Zimandiwawabe, ndipo sindikhulupirira kuti zidzasiya.

Mwambo wonse utatha, tsiku lomwe ndinkabwerera kwathu, alamu anga anandiperekeza mpaka kumsewu. Titafika pokwerera anandigwira mkono.

"Alamu, m'mawa wa tsiku lomwelo anamva mvula padenga. Anandifunsa kuti, kodi Mayi abzala? Ndinati sindikudziwa. Anati mukamva mundiuze."

Ndinali nditabzala. Chimanga chinamera bwino chaka chimenecho, popanda phando lolephera. Ndinapalira ndekha, ndinabandira ndekha, ndinakolola, nkhokwe inadzaza mpaka pakamwa. Ndinaima pamenepo ndi dengu lomaliza pamutu, ndikuyang'ana kukhonde, ndipo ndinasowa womuuza.